Nsapato yosayendera pansi: mafunso ndi mayankho pa nsapato za abambo zopalasira njinga za mpikisano

Loweruka lina ndinaima pa golosale ya m'mbali mwa msewu kuti ndigule madzi. Nditatsika njinga ndinayenda pakhonde la simenti ngati bakha, zala zili m'mwamba, zidendene pansi, nsapato zikungolira kuti gwa, gwa, gwa. Anyamata a kabaza amene anali pamthunzi analeka macheza. Mmodzi anandiyang'ana kumapazi, n'kufunsa mwaulemu ndithu: "Akulu, mwaponda mwala kapena ndi mmene anazipangira?" Ndinavula imodzi n'kumupatsa. Anayesa kuipinda ndi manja onse awiri, inakana. Anaitembenuza, naona kapulasitiki ka makona atatu komangidwa ndi mabawuti kunsi kwake, n'kuipatsira mnzake. Ena mwa mafunso ali m'munsiwa anachokera pakhonde pamenepo. Ena ndi a anzanga amene ali ndi abale ku Johannesburg kapena ku Britain, ndipo akufuna kuitanitsa nsapato zoterezi koma sakudziwa poyambira.

Kodi nsapato imeneyi yasiyana pati ndi ya masewera imene ndili nayo kale?

Yasiyana pa ntchito imene anaipangira. Nsapato yothamangira imayenera kupindika pamene zala zikukankha nthaka, ndipo siponji yake imameza kugunda kwa chidendene. Pa njinga zonsezi zilibe ntchito. Phazi siligunda kanthu, limangokanikiza pedulo, kanthu kochepa kosaposa chikhatho cha mwana. Soli ikakhala yofewa phazi limapindikira m'mbali mwa peduloyo, ndipo timinofu ta pansi pa phazi timagwira ntchito ya thangata yoliwongola ulendo wonse.

Tawerengani nokha. Munthu wozolowera amazunguza miyendo maulendo pafupifupi 90 pa mphindi. Pa ola ndi maulendo 5,400. Amene wapalasa makilomita 109 a mpikisano wa Cape Town Cycle Tour kwa maola anayi, phazi lake lililonse lakanikiza maulendo oposa 21,000. Kamsoko kongokhudza chala, kamene m'sitolo simungakamve n'komwe, kakabwerezedwa chonchi kamabala thuza.

N'chifukwa chake nsapato ya njinga ya pa tala ili ndi soli yosapindika, mabowo omangirapo kapulasitiki kaja kamene amati cleat, ndi chikopa chopyapyala chogwira phazi kuti lisaseweremo. Zopepuka kwambiri za saizi 42 zimalemera magalamu 250 iliyonse kapena kucheperapo. Zoti munthu adzayenda nazo pansi, opanga sanaziike kwenikweni m'mutu.

Nanga kumangirira phazi ku pedulo kunabwera bwanji?

Kunayamba kale, koma ndi malamba. Kwa zaka zambiri akatswiri a ku Ulaya ankalowetsa nsonga ya nsapato m'kakhola kachitsulo ka pa pedulo, n'kumanga ndi lamba wachikopa. Pofuna kuima munthu ankawerama, kumasula lamba ndi dzanja, kenaka kutulutsa phazi. Ngozi ikabwera mwadzidzidzi ankagwa pamodzi ndi njinga ngati anabadwa nayo. Kampani ya Cinelli ya ku Italy inatulutsa pedulo yopanda lamba mu 1971, yotchedwa M71, koma nayonso inkafuna dzanja kuti imasuke, ndipo sinafale.

Yankho linachokera kwa anthu amene ntchito yawo sinali ya njinga. Kampani ya Look ya mumzinda wa Nevers ku France inkapanga zomangira nsapato za masewera a ski, aja otsetsereka pa chipale m'mapiri. Zomangira zimenezo zimagwira nsapato mwamphamvu, koma munthu akagwa mwendo n'kupotoka zimaitaya. Mu 1984 Look inatengera nzeru yomweyo ku njinga: ukaponda, cleat imalowa kuti khwa, ukapotozera chidendene kunja, imatuluka. Chaka chotsatira Bernard Hinault anapambana Tour de France kachisanu ali ndi mapedulo amenewa, ndipo kuyambira pamenepo malamba anayamba kutha. Okakamira zakale analipo, monga Sean Kelly wa ku Ireland amene anafika ndi malamba ake m'zaka za m'ma 1990.

Pa Chingerezi mapedulowa amawatcha clipless, dzina losokoneza. Limatanthauza kuti alibe kakhola kakale kaja, osati kuti sagwira phazi. Mukamaitanitsa, dzina lake ndi limenelo.

Ndiye munthu sagwa nazo?

Amagwa. Pafupifupi aliyense amagwa kamodzi, ndipo sagwa akuthamanga ayi, amagwa ataima. Ine zinandichitikira sabata yoyamba, pa maloboti, m'mawa, maminibasi atandanda mbali zonse. Ndinagwira mabuleki bwinobwino, njinga inaima, mutu unauza phazi kuti litsike monga lakhala likuchitira kuyambira ndili mwana, ndipo phazi linakokera m'mwamba m'malo mopotoka. Ndinapendekeka pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa kutsinde, mpaka phii! Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo: "Pepani bwana, mwaiwala kuti njinga ilibe miyendo?" Chigongono chinapola m'masiku atatu. Manyazi anatenga nthawi yotalikirapo.

Kumbuyo kwa mapedulo ambiri kuli kabawuti kolimbitsa kapena kufewetsa sipuling'i. Kafewetseni mpaka kumapeto poyamba. Tsamirani khoma, mulowetse ndi kutulutsa phazi lililonse maulendo makumi angapo kufikira chidendene chitaloweza chokha, kenaka mukayesere pa bwalo la udzu. Pamsewu tulutsani phazi musanafike poimapo, osati mutafika. Ndipo zolowerani kutsitsa lakumanzere. Kuno kwathu, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe, ku South Africa ngakhale ku Britain magalimoto amayenda kumanzere, choncho mukapendekera kumanzere mukupendekera kutali ndi matayala a lole.

Kodi zimawonjezeradi liwiro, kapena ndi malonda chabe?

Zonse ziwiri zilimo. Mu 2016 Asher Straw ndi Rodger Kram a pa yunivesite ya Colorado ku Boulder anayeza mpweya umene anthu amagwiritsa ntchito popalasa mwapakatikati, ulendo wina atavala nsapato zothamangira pa mapedulo wamba, ulendo wina atavala zolimba zomangirira. Kusiyana kwenikweni sanakupeze. Patapita zaka zinayi Kram ndi Andrew Burns anayeza anthu akutulutsa mphamvu zawo zonse pa kachitunda kakafupi, ndipo pamenepo nsapato zolimba zomangirira zinapambana moonekeratu.

Zimenezi zikugwirizana ndi zimene mwendo umamva. Pa msewu wosalala wa m'mbali mwa nyanja, mukupita mofatsa, nsapato siikupatsani mphamvu imene mulibe. Koma mukaimirira pa mapedulo pokwera phiri la Zomba, kapena gulu likathyola liwiro inu n'kuyenera kulitsata nthawi yomweyo, phazi lomangirira siliterereka, ndiye mumakankha mopanda mantha. Potsika namo, tayala likagunda dzenje phazi silidumpha kuchoka pa pedulo.

Pali bodza lina lofala, loti ukamangirira umakokanso pedulo m'mwamba ndi mwendo wakumbuyo, ndiye mphamvu zimakhala ziwiri. Ngakhale akatswiri satero akamapita liwiro lokhazikika. Chimene amachita n'kupeputsa mwendo umene ukukwerawo kuti usalemetse unzake. Kukoka kwenikweni kumabwera pa masekondi ochepa a kuthamangitsana, kapena pa chitunda choimirira. Wongoyamba kumene akalimbikira kukoka amangodzitopetsa m'chiuno.

Soli ya carbon ndi ya nayiloni, kusiyana kwake kukufanana ndi kusiyana kwa mtengo?

Kwa anthu ambiri, ayi. Carbon ndi timaulusi toumbidwa pamodzi ndi utomoni wapadera. Imalimba kwambiri ili yopyapyala, choncho phazi limayandikira pedulo ndipo nsapato imapepuka. Nayiloni, ngakhale yosakaniza ndi ulusi wa galasi, imagonja pang'ono. Nsapato zapamwamba monga S-Phyre ya Shimano, S-Works ya Specialized kapena Shot ya Sidi zimafika madola a ku America 400 kapena kuposa, pamene zanayiloni zabwinobwino zimayambira cha m'ma 100. Kulemera kumasiyana ndi magalamu makumi angapo pa nsapato. Madzi a m'botolo la theka la lita limene mwanyamula ndi magalamu 500.

Manambala a kulimba amene amasindikiza pa soli asakupusitseni. Sikelo ya Shimano imathera pa 12, Specialized inafika pa 15, Fizik imathera pa 10. Palibe muyeso umodzi umene onse anagwirizana. Kampani iliyonse ili ndi mbale yakeyake ngati ogulitsa ufa pamsika. Nambala imakuthandizani pokhapokha mukuyerekeza nsapato ziwiri za kampani imodzi.

Amene amapinduladi ndi carbon ndi bambo wathupi, wamphamvu, wokonda kuthamangitsana pa mzere womaliza, kapena wa phazi lalitali limene limapinda soli mosavuta. Komanso misewu yathu yambiri ya tala ndi yokhakhala, ndipo soli yolimba ngati thabwa imapereka kunjenjemera konse kwa msewu ku phazi osabisa. Bambo wopalasa Loweruka ndi Lamlungu, ndikanakhala ine, ndalama yotsalayo ndikanagulira matayala abwino.

Ma cleat onse amalowa pa pedulo iliyonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Tembenuzani nsapato muwerenge mabowo. Atatu, oima ngati mafuwa, ndi a njinga za pa tala: ma cleat a Look Keo, a Shimano SPD-SL ndi a Time amamangidwa pamenepo. Awiri oyandikana ndi a SPD, imene Shimano inatulutsa mu 1990 poganizira njinga za m'mapiri. Anayi ndi a Speedplay, ngakhale iyo imabwera ndi kambale kolumikizira pa mabowo atatu. Tsono mabowo angafanane bwanji, cleat ya Look si ya pedulo ya Shimano. Zimaoneka ngati mapasa koma si za mimba imodzi. Kumbukiraninso kuti cleat imabwera m'bokosi la mapedulo, osati la nsapato.

Mitundu ya ma cleat si yokongoletsa. Imanena kukula kwa mpata umene chidendene chili nawo wosewera uku ndi uku chisanamasuke. Kwa Shimano yachikasu imapereka madigiri 6, yabuluu 2, yofiira 0. Kwa Look yotuwa imapereka 4.5, yofiira 9, yakuda 0. Mwauona msampha? Yofiira ya Look ndiyo yomasuka kuposa zonse, pamene yofiira ya Shimano imakhoma phazi osasuntha. Yambani ndi yachikasu kapena yotuwa. Bondo limafuna kampata.

Pano ndinenepo maganizo anga, ngakhale anzanga ena sagwirizana nawo. Ngati ulendo wanu umayamba ndi kilomita yafumbi musanafike pa tala, ngati mumaima m'misika, ngati dzinja lililonse mumakumana ndi mlatho wokokoloka n'kunyamula njinga paphewa, ganizirani za mabowo awiri. Cleat ya SPD ndi yachitsulo, imabisala m'kati mwa soli, imalowa ngakhale ili ndi matope pang'ono, ndipo mumayenda nayo ngati munthu. Nsapato zake za carbon zilipo, zolimba ndithu. Okonda zapamwamba adzakuyang'anani chammbali. Asiyeni ayang'ane.

Ndikuitanitsa kwa mbale wanga kunja. Ndimuuze saizi yanji?

Musamuuze saizi, muuzeni mamilimita. Ife tinazolowera kunena kuti "ndimavala 8" kapena "9", manambala a ku Britain amene amagwiranso ntchito ku South Africa. Nsapato za njinga zambiri zimalembedwa manambala a ku Ulaya, ndipo 8 ndi pafupifupi 42, 9 ndi pafupifupi 43. Vuto lagona pa "pafupifupi" ameneyo. Kuchoka pa 42 kufika pa 43 ndi mamilimita osakwana 7, ndipo 43 ya kampani ina ikhoza kukhala 44 ya inzake.

Chitani chonchi. Madzulo, mapazi atatupako ndi ntchito ya tsiku, valani masokosi amene muzidzapalasa nawo. Gunditsani pepala ku khoma, muimepo chidendene chitakhudza khomalo, thupi litalemera pa phazi, ndipo wina alembe pamene pathera chala chachitali. Kwa ena chachitali si chachikulu, n'chachiwiri. Ayezenso m'lifupi pamene phazi latambalala kwambiri, kuchokera pa mfundo ya chala chachikulu kufika pa mfundo ya kachala kakang'ono. Yezani mapazi onse awiri, chifukwa kawirikawiri lina limaposa linzake, ndipo mutsate lalikululo. Manambala amenewo ndiwo mufananitse ndi tchati cha kampaniyo pa intaneti.

M'lifupimu ndi mmene ambiri a ife timagwera. Amene tinakula tikupita kusukulu ndi kubusa opanda nsapato tili ndi mapazi otambalala kutsogolo, zala zotayana. Nsapato zambiri za ku Italy, kumene kuli makampani akale monga Sidi imene Dino Signori anayambitsa ku Maser mu 1960, zimadziwika kuti n'zopanikiza kutsogolo. Munthu akaona kuti yathina amangokweza saizi. Akatero mabowo a cleat amapita kutsogolo kuposa pamene pali mfundo za zala zake, ndipo chidendene chimayamba kuvuka. Funsani yotakasuka ya saizi yanu yomweyo. Sidi amaitcha Mega, Shimano amalemba Wide, ndipo Lake ndi Bont amadziwika ndi zikombole zotakasuka. Nsapato za Bont, kampani ya ku Australia, zina amaziika mu uvuni pa madigiri 70 kuti zifewe, mwini wake n'kuzivala zikadali zofunda kuti zitenge maonekedwe a phazi lake. Musayesere zimenezi pa nsapato imene sanaipangire moto.

Mukaivala, kutsogolo kutsale kampata ka mamilimita ochepa, osati chala chonse chamanthu monga amayi ankachitira potigulira za kusukulu kuti "akuliramo". Zala zizitha kugwedera. Mukanyang'ama, chidendene chisatuluke. Ndipo musadzinamize kuti idzakula. Yachikopa yopitira kutchalitchi imakula; iyi ikakulumani tsiku loyamba, idzakulumani mpaka mudzaigulitse.

Akalemba kuti "za abambo", chasintha n'chiyani kwenikweni?

Chikombole ndi manambala. Za abambo kawirikawiri zimakhala zotakasukako kuchidendene, zakuya pakhosi pa phazi, ndipo saizi zake zimafika 47 kapena 48. Soli, cleat ndi mapedulo n'zimodzimodzi. Makampani ena anasiya n'komwe kusiyanitsa pa nsapato zawo zapamwamba. Phazi siliwerenga zolemba pa bokosi: bambo wa chidendene chopyapyala akhoza kukwana bwino m'nsapato yolembedwa kuti ya amayi, ndipo pamsewu palibe adzadziwe.

Kagudumu kozunguza, zomata kapena zingwe?

Kagudumu kaja nthawi zambiri ndi ka BOA, nzeru ya Gary Hammerslag imene inayambira ku Colorado mu 2001 pa nsapato za snowboard, masewera enanso otsetsereka pa chipale. Kamakoka kawaya kopyapyala pang'onopang'ono, ndipo ubwino wake waukulu ngwakuti mumamanga kapena kumasula muli pa njinga. Nsapato zapamwamba zimakhala ndi tiwiri, kena kutsogolo, kena pakhosi pa phazi, kuti mumange mbali ina osafinya inzake. Sidi ali ndi kagudumu kawokawo. Kuipa kwake, kakathyoka pogwa si kanthu koti wokonza njinga wa pansi pa mtengo angakhale nako m'bokosi mwake. Wokutumiziraniyo aikemo kena kapadera.

Zomata za Velcro n'zotchipa, koma fumbi ndi zaka zimazilanda mphamvu. Zingwe zinaoneka ngati zapita ndi makolo, mpaka Giro inazibweza ndi nsapato yake ya Empire cha mu 2012. Zimagawa kufinya mofanana phazi lonse, n'zopepuka, ndipo zikaduka mumagula zina pamsika uliwonse. Tadej Pogačar, amene anapambana mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi ku Kigali mu Seputembala 2025, amadziwika ndi nsapato za zingwe za DMT. Kungoti simungazimasule muli paliwiro, ndipo nsonga zake muzizibisa bwino kuti zisakodwe m'tcheni.

Ndamanga ma cleat koma bondo layamba kupweteka. Ndalakwitsa pati?

Kawirikawiri pa malo, kapena pa kapendekedwe. Valani nsapato, mupapase kunja kwake mpaka mutapeza mfundo ya chala chachikulu, muikepo kachizindikiro. Chitaninso chimodzimodzi ku mfundo ya kachala kakang'ono. Chitsulo chimene pedulo imazungulirapo chidutse pakati pa zizindikiro ziwirizo, kapena kumbuyo kwake pang'ono. Cleat ikapita kutsogolo kwambiri mumapalasira zala, ndipo katumba ndi mtsempha wa kuchidendene zimadandaula.

Za kapendekedwe, khalani pa tebulo miyendo ili lendee, muone kumene mapazi aloza okha. Ambiri zala zimaloza kunja pang'ono, ndipo mapazi awiriwo sakakamizika kufanana. Cleat imangidwe motsata mmene phazi lilili, osati mmene mukufunira kuti lizionekera pa chithunzi. Phazi likawongoledwa mokakamiza, wolipira ndi bondo, maulendo 5,400 aja pa ola.

Mabawuti apakeni girizi pang'ono, muwamange mosinthanasinthana ndi Allen key ya mamilimita 4. Shimano imati afike pa 5 mpaka 6 Nm. Bawuti yomasuka ndi yoopsa kuposa mmene imaonekera: mumapotoza chidendene, nsapato n'kumangozungulira pamwamba pa cleat, phazi osatuluka. Mukapeza malo abwino zungulizani cleat ndi cholembera chosafufutika, kuti posintha musadzayambirenso kufufuza. Chishalo nacho musachiiwale. Soli yatsopano ikakhala yopyapyala kuposa yakale ndiye kuti mwendo ukutambasuka mamilimita angapo kuposa kale, choncho chishalo chitsike pang'ono. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mupalase, mumve. Ululu ukakana kuchoka, bondolo likaonedwe kuchipatala.

Pakatha maola awiri pansi pa phazi pamatentha ngati ndaponda khala, zala n'kuchita dzanzi. N'chiyani?

Si moto wa msewu ayi, ngakhale mu Okutobala nawo umathandizira. Pakati pa mafupa aatali a phazi pamadutsa timitsempha topita ku zala. Phazi likatupa ndi kutentha m'nsapato yosatambasuka, mafupawo amafinya timitsemphato. Kuthirapo madzi kumangonyengerera kwa kanthawi. Yambani n'kumasula kagudumu kakutsogolo, pakuti ambiri timamanga nsapato ngati tikumanga katundu pa kaliyala. Zikapitirira bwezerani cleat kumbuyo mamilimita awiri kapena atatu. Yang'ananinso kamphasa ka m'kati kamene amati insole. Nsapato zina zodula zimabwera ndi kopyapyala ngati pepala. Kena kokhala ndi kachulu kakang'ono kuseri kwa mfundo za zala kamatambasula mafupa aja. Masokosi akhale opyapyala, osati osewerera mpira. Zonsezi zikalephera ndiye kuti nsapatoyo ndi yopapatiza, ndipo palibe mankhwala ena koma kuisintha.

Dzanzi likamapitirira mutavula nsapato, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga, imeneyo si nkhani ya njinga. Kaonaneni ndi dokotala.

Ndaipeza pa kaunjika. Ndigule?

Mwina mwachita mwayi, chifukwa wogulitsa nthawi zina amangoona nsapato yosayendeka n'kuitsitsa mtengo. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yambirani kunsi. Kukalikakalika pa carbon kulibe kanthu, koma mng'alu wodutsa pafupi ndi mabowo, kapena kaphokoso kothetheka mukaipotoza, ndiye kuti yatha. Tengani bawuti ya cleat kunyumba, muilowetse m'bowo lililonse muone ngati ikugwira. Kokani chikopa pamene chakumana ndi soli, chifukwa guluu wokalamba amasiya. Finyani kumbuyo kwa chidendene, kukhale kolimba ngati chikho. Zunguzani tigudumu tonse uku ndi uku. Kenaka onani manambala a nsapato zonse ziwiri. Pamulu zimasokonezeka, ndipo 43 ndi 44 sizisiyana ndi maso.

Pa intaneti palinso zotsanzira, dzina lalikulu pamtengo wa nthabwala, soli yapulasitiki yongojambulidwa mizere ya carbon. Muyeso wake ndi womwe uja wa mnyamata wa kabaza: igwireni ndi manja awiri muyese kuipinda. Wosoka nsapato akhoza kumata chikopa chimene chasiya, koma musamulole kukhoma msomali kapena kuboola carbon ndi chisongole.

N'chifukwa chiyani akatswiri amakonda zoyera? Kuno zingakhale zoyera masiku angati?

Mbali ina ndi kutentha, pakuti choyera sichimwa dzuwa ngati chakuda. Mbali yaikulu ndi fasho basi, ndipo katswiri amachita kupatsidwa nsapato ndi kampani. Pa katondo wathu yoyera imasanduka njerwa ulendo woyamba wa mvula. Ine ndinagulapo zoyera kamodzi.

Kaya n'zoyera kaya zakuda, pukutani ndi kansalu konyowa ndi sopo, m'misoko mudutsemo ndi mswachi wakale. Zikanyowa chotsani kamphasa, mulowetsemo nyuzipepala, ziume pamthunzi podutsa mphepo. Osaziyandikiza ku mbaula, osazisiya m'galimoto yotseka padzuwa, chifukwa guluu amafooka ndi moto. Ma cleat apulasitiki amadyeka kwambiri ndi kuyenda pansi kusiyana ndi kupalasa. Mtundu wa m'makona mwake ukatha asintheni, apo ayi adzakutayani pa chitunda mutaimirira. Pali tizivundikiro talabala toveka cleat poyenda pansi, timakwana m'thumba la kumsana kwa jezi.

Nanga ife a kabaza, zingatithandize?

Limeneli linali funso lomaliza pakhonde paja, ndipo yankho ndi ayi. Ntchito yanu ndi yoima pafupipafupi, kutsitsa phazi mwadzidzidzi kasitomala akasuntha, kukankha njinga pamchenga muli ndi matumba awiri a chimanga. Phazi lomangirira lingakugwetseni inu ndi wokwera yemwe. Chimene mungatengepo ndi nkhani ya soli: nsapato yotseka, ya pansi polimbako ndi pogwira, m'malo mwa patapata. Pondani pedulo ndi mfundo za zala osati pakati pa phazi, ndipo pedulo imene yatsala chitsulo chokha igulidwe ina.

Mnyamata uja anandibwezera nsapato yanga n'kuloza pedulo yake yakumanja. Inalidi itatsala kachitsulo kokha, konyezimira ndi kupondedwa, ndipo patapata yake inali ndi ngalande pakati pamene kachitsuloko kamadya. Anandifunsa mtengo wa nsapato zanga. Nditamuuza anaimba mluzu, nayamba kuwerengera pa zala kuti ndi njinga zingati. Asanamalize, mayi wina wonyamula dengu anamuitana kutsidya kwa msewu.